Lipoti la nthumwi: makina odzutsa minofu ndi magetsi komanso zilonda za pokhalira

A Wapampando, akuluakulu a komiti, ndi inu nonse abale ndi alongo a m'gulu lathu la anthu ovulala msana ndi otisamalira kuno ku Nkhotakota,

Ndabwerako ku Lilongwe kumene munandituma, ndipo ndalemba lipoti ili kuti anzathu a ku Dwangwa, ku Benga ndi ku Mwansambo, amene sakwanitsa kufika pa boma mwezi uliwonse, nawonso amve zimene ndinakaona. Msonkhanowo unali wa masiku awiri ndipo unasonkhanitsa madokotala a mafizo, anamwino, amisiri okonza njinga za olumala ndi ife eni vutoli ochokera m'maboma osiyanasiyana. Zokambirana zinalipo zambiri, za mkodzo, za chimbudzi ndi za ntchito zopezera ndalama, koma ine ndikhala pa funso limodzi limene munandisenzetsa, lija linatidyera nthawi pa msonkhano wathu wapitawu: kodi titenge ndalama za m'thumba la gulu n'kugula kachipangizo ka magetsi kamene ena mwa ife anakaona pa Facebook, kamene akuti kamadzutsa minofu ya m'matako n'kumuteteza munthu ku zilonda? Yankho limene ndabwera nalo ndi lakuti tisagule pakadali pano. Kachipangizoko si kabodza, ndinakaona kakugwira ntchito ndi maso angawa, ndipo n'chifukwa chake ndiyenera kufotokoza bwinobwino chimene ndikukanira.

Mayi wa mafizo amene anatsogolera phunziro la zilonda za pokhalira sanayambe ndi makina. Anauza aliyense amene manja ake amagwira ntchito kuti alowetse dzanja pansi pa thako ali chikhalire, mpaka akhudze fupa losongoka limene lili pamenepo. Mafupawo alipo awiri, kumanja ndi kumanzere, ndipo munthu akakhala pansi gawo lalikulu la kulemera kwa thupi limatsikira pa malo awiri ang'onoang'ono amenewa. Munthu amene thupi lake limamva sakhala phee: kaya ali pa benchi kutchalitchi, kaya ali pa mkeka kumzikiti, amasunthasuntha mosadziwa chifukwa thako limatumiza uthenga kuti pano patopa. Kwa ife uthengawo sufika, ndiye mnofu umene uli pakati pa fupa ndi mpando umafinyika kwa maola ambiri popanda woudandaulira. Timitsempha ting'onoting'ono ta magazi timene timadyetsa mnofu ndi khungu timayamba kutsekeka kupanikizika kukapitirira pafupifupi 32 mmHg, muyeso womwe uja amayezera BP, pamene pansi pa mafupa okhalira a munthu wovulala msana pamafika 100 mmHg ndi kuposerapo. Magazi akasiya kufika, mnofu umayamba kufa, ndipo kawirikawiri umayambira mkati pafupi ndi fupa khungu lili bwinobwino, ngati papaya lowola mkati kunja likuoneka lokoma. Ambiri a ife tinadabwapo kuona kachilonda kakang'ono kakusanduka dzenje lolowa nkhonya m'masabata awiri okha. Dzenjelo limakhala linakumbika kale, khungu limangochedwa kuboola.

Vuto lachiwiri ndi limene linabweretsa maganizo a magetsi. Mnofu waukulu wa thako ndi khushoni imene tinabadwa nayo. Msana ukavulala mnofuwo sugwiranso ntchito ndipo m'miyezi yochepa umafwota, kotero fupa lija limatsala pafupi kwambiri ndi khungu. Aliyense wa ife amene thalauza lake lakale linayamba kumukhwepa kumbuyo akudziwa chimene ndikunena.

Kenaka anabweretsa kansalu kopyapyala kokhala ndi timawaya tambirimbiri mkati, kolumikizidwa ku kompyuta, kamene amakayala pa khushoni munthu n'kukhalapo. Kompyutayo imajambula mmene thupi likupanikizira pokhalira: pamene pali popepuka pamaoneka mtundu wa buluu, polemerako pobiriwira kapena pachikasu, ndipo pamene pali pangozi pamafiira. Ndinadzipereka kuti ayambe ndi ine. Ndinakhala pa khushoni yanga yomwe ija mumaidziwa, chidutswa cha matiresi chokulungidwa m'chitenje chimene ndakhalira zaka zitatu ndikuyesa chabwino, ndipo pa khoma panaoneka madontho awiri ofiira psuu, ngati maso a nyama usiku. Mphwanga amene anandiperekeza anangogwira pakamwa. Mayi uja anandiuza kuti ndiwerame mpaka zigongono zifike pa maondo, ndipo kufiira konse kunazimiririka n'kutsala kubiriwira. Anandiuzanso kuti ndipendekere kumanzere nditagwira tayala, dontho la kumanja linatha. Pomaliza ndinadzinyamula ndi manja monga mmene ambiri tinaphunzitsidwira m'chipatala. Chithunzi chonse chinayera, koma ndisanakwanitse ngakhale theka la mphindi mapewa anali atayamba kunjenjemera ndipo ndinabwerera pansi.

Apa ndi pamene ndinaphunzira chinthu chimene ndikufuna aliyense achisunge. Ofufuza a pa chipatala cha ovulala msana cha Stoke Mandeville ku England anayeza mpweya wa m'mnofu wa pokhalira ndipo mu 2003 anafalitsa zoti mnofu wopanikizika umafuna pafupifupi mphindi 2 kuti mpweya ubwerere mmene unalili. Kudzinyamula kwa masekondi 10 kapena 15 kumene timachita n'kumati tapumitsa thako sikukwana, ndipo kumangotithera mapewa amene ndiwo miyendo yathu tsopano. Kuwerama kapena kupendekera mbali kwa mphindi 2 zathunthu, pakatha mphindi 15 mpaka 30 zilizonse, n'kumene kumathandiza, ndipo munthu angathe kuchita zimenezi akusoka ukonde kapena akugulitsa pa okala popanda wina kuzindikira.

Tsopano za kachipangizoko. N'kakang'ono ngati wayilesi ya m'manja, kamayendera mabatire, ndipo kali ndi mawaya othera pa tizigamba tomata timene amatimata pa khungu la thako ndi kumbuyo kwa ntchafu. Kakayatsidwa kamatumiza timagetsi tochepa kwambiri, todukizadukiza, timene timadutsa pa khungu n'kukafika pa mtsempha wolamula mnofu, ndipo mnofuwo umakungika ngati kuti ubongo ndiwo waulamula. Ukakungika, thako limalimba n'kusintha maonekedwe, kulemera kumachoka pa nsonga ya fupa n'kumwazikira m'mbali, ndipo kukungika ndi kumasuka kobwerezabwereza kumapopa magazi m'mnofumo. Munthu akachita zimenezi tsiku ndi tsiku kwa miyezi, mnofu wofwota uja umayambanso kunenepa.

Maganizowa si achilendo. Simon Levine ndi anzake a pa University of Michigan ku America anaonetsa cha m'ma 1990 kuti kudzutsa minofu ya m'matako ndi magetsi kumasintha kapanikizidwe ka pokhalira ndi kayendedwe ka magazi. Ku Cleveland, Kath Bogie ndi anzake anafika poika timawaya mkati mwenimweni mwa mnofu ndipo anapeza kuti mnofuwo unakula. Ku Amsterdam, kafukufuku wa mu 2008 pa anthu 13 anapeza kuti kupanikizika pansi pa mafupa okhalira kunkatsika kuchoka pa 100 mmHg kapena kuposerapo pang'ono kufika cha m'ma 80 mmHg pamene magetsi ayatsidwa. Wina wa mu 2012, wa komweko, pa anthu 10 ovala kabudula wosokerera tizigamba tija mkati, anaonetsa kuti kudzutsa thako lokha kunachepetsa kupanikizika ndi 10 peresenti, pamene kudzutsa thako pamodzi ndi minofu ya kumbuyo kwa ntchafu kunachepetsa ndi 34 peresenti. Ku Edmonton m'dziko la Canada, Vivian Mushahwar wa pa University of Alberta ndi gulu lake anapanga kabudula wamkati wotchedwa Smart-e-Pants amene amakunga minofu kwa masekondi 10 pa mphindi 10 zilizonse, kutsanzira kusunthasuntha kuja kwa munthu amene amamva.

Ndikupemphani muziyang'anitsitse nambalazi. Kuchoka pa 100 kufika pa 80 n'kutsika ndithu, koma 80 akadali kutali pamwamba pa 32, ndipo kutsikako kumakhalapo pa nthawi yokhayo imene mnofu wakungika. Ofufuza a ku Amsterdam omwewo atayerekeza magetsi ndi kuwerama komanso kupendekera, anapeza kuti kusuntha thupi kumachotsa kupanikizika kwambiri kuposa magetsi. Kuonjezera apo, kafukufuku yenseyu anachitika pa anthu ochepa ndipo ambiri ankayeza kupanikizika kwa maola owerengeka, sankawerenga zilonda pakatha zaka. Ubwino weniweni wa makinawa uli pawiri: saiwala monga mmene ife timaiwalira tikatanganidwa, ndipo angathandize mnzathu wovulala khosi amene sangathe kuwerama n'kudzukanso payekha.

Tsiku lachiwiri anatiyesa. Anayamba ndi mnyamata wina wa kuchigawo cha kummwera amene anagwa mumtengo wa mango n'kuthyoka msana cha pakati pa mapewa, amene miyendo yake imadumpha yokha njinga ikagunda mwala. Atamumata tizigamba n'kumukhazika pa kansalu kaja, tinaona madontho ofiira akuchepa n'kusanduka achikasu, kenaka akubwerera, kenaka akuchepanso, ngati chinthu chikupuma. Mnyamatayo sankamva kanthu, koma ankayang'ana ntchafu zake zikugwedezeka ndipo m'holo monse munali zii. Itafika nthawi yanga, mayi uja anakweza mphamvu pang'onopang'ono mpaka pamene anati sangapitirirenso, dzanja lake lili pa thako langa kudikira kuti amve mnofu ukulimba. Palibe chimene chinachitika. Madontho anga awiri anakhalabe ofiira.

Anandifotokozera mwaulemu kuti mtsempha waukulu wa mu msana umathera cha pa mfundo yoyamba kapena yachiwiri ya m'chiuno, zimene m'mabuku athu a kuchipatala amalemba L1 ndi L2, ndipo kuchokera pamenepo kutsika m'munsi pali mtolo wa mitsempha wooneka ngati mchira wa kavalo. Munthu akavulala pamwamba, njira yochokera ku ubongo ndi imene imaduka, koma mtsempha wochokera mu msana kupita ku mnofu umakhala wamoyo, ndipo ndi umenewu umene magetsi amaugwiritsa ntchito. Akavulala m'munsi monga ine, mtsempha womwewo wopita ku mnofu ndi umene umaonongeka, choncho magetsi a kachipangizo kotere alibe podutsa. Sindibisa, mtima unandiwawa, chifukwa pa ulendo wonse wa makilomita pafupifupi 200 ndinkadziona ndikubwerera kuno ndi nkhani yakuti thupi langa lagwedezeka patatha zaka zisanu ndi zinayi. Koma ndi bwino kuti zinandichitikira ine pamaso pa dokotala kusiyana n'kuti zikanachitikira gulu lonse ndalama zitapita kale.

Tanthauzo lake kwa ife ndi ili. Anzathu amene mumadandaula kuti miyendo imakukutika ndi kudumpha usiku, kudumpha kumeneko ndi chizindikiro chakuti mitsempha yanu ya m'munsi ili moyo, ndipo mwina ndinu amene makinawa angakuthandizeni. Ife amene miyendo yathu ndi yolobodoka, yowonda ndiponso yosadumpha, kawirikawiri sitingapindule nawo. Ndikawerenga nkhope za pa msonkhano wathu ndikuona kuti tilipo a mbali zonse ziwiri, ndipo amene angathe kutisiyanitsa motsimikiza ndi wa mafizo atamuyeza munthu payekha.

Ngakhale kwa amene angapindule, ziopsezo zilipo zimene wogulitsa pa intaneti sanena. Kachigamba kakauma kapena kakamatuka mbali imodzi, magetsi amaunjikana pamalo amodzi ndipo angathe kuwotcha khungu, mwini wake osamva, n'kuyambitsa chilonda chomwe chija timathawa. Taganizirani kutentha kwa kuno kunyanja mu Okutobala ndi Novembala, thukuta lili kamukamu, ngati tizigamba timeneto tingamatirire tsiku lonse. Komanso timatha msanga ndipo tiyenera kugulidwa tina kawirikawiri, pamene m'masitolo a pa boma pano mulibe. Kwa ovulala kuyambira pa mfundo ya T6 kupita m'mwamba, ndiye kuti cha pakati pa chifuwa mpaka m'khosi, chilichonse chosautsa thupi m'munsi, kuphatikizapo magetsiwa, chingathe kukweza BP mwadzidzidzi mpaka kuika moyo pachiswe. Zizindikiro zake ndi mutu wogunda kwambiri, thukuta kumaso ndi m'khosi, ndi mphuno kutsekeka, ndipo zikatero munthu ayenera kukhazikidwa tsonga, kumasulidwa zovala, kuchotsedwa chimene chikumusautsa ndi kuonedwa ngati paipi ya mkodzo yapindika kapena yatsekeka, ndipo zikapanda kusintha athamangire naye kuchipatala. Amayi oyembekezera, anthu a khunyu, amene ali ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda ndi amene magazi anaundana m'mwendo sayenera kuyesa popanda dokotala, ndipo mafupa a miyendo imene yakhala zaka yosaponda pansi amakhala ofooka moti mnofu ukakungika mwamphamvu kwambiri angathe kuthyoka. Anatichenjezanso kuti tizipangizo tambiri totchipa timene timatsatsidwa ndi tochepetsa ululu kapena malamba onamizira kuchepetsa mimba, ndipo sitinapangidwire ntchito imeneyi. Magetsi othandiza kupoletsa chilonda chimene chilipo kale ndi chithandizo china, chochitikira m'chipatala, tisachisokoneze ndi ichi.

Ndinene mosapsatira kwa achinyamata athu aluso amene amakonza mafoni ndi masola: musayerekeze kulumikiza munthu ku batire la galimoto, ku sola kapena ku magetsi a m'nyumba poganiza kuti n'chimodzimodzi. Kumeneko n'kupha munthu.

Nanga ndalamazo tichite nazo chiyani? Maganizo anga ndi akuti zipite ku makhushoni. Mmisiri wina anatisonyeza khushoni yopangidwa konkuno ku Malawi: pansi siponji yolimba yosemedwa kabowo kosazama pamene pamafika mafupa awiri aja, kutsogolo kokwererako kuti ntchafu zisenzeko katundu, pamwamba siponji yofewa, ndipo kunja nsalu yotamuka yosachita makwinya, ndi pulasitiki yopyapyala mkati yoteteza ku mkodzo. Nditakhalapo, kufiira kwanga kunatsika kufika pa chikasu popanda batire lililonse. Bungwe la World Health Organization, m'malangizo ake a mu 2008 okhudza njinga za olumala m'mayiko osauka, limanena kuti munthu amene ali pa chiopsezo cha zilonda ayenera kulandira njinga pamodzi ndi khushoni yoteteza, choncho tikamalandira njinga kwa akufuna kwabwino tisamachite manyazi kufunsa khushoni. Anatiphunzitsanso kuyeza ndi zala, njira imene sifuna kompyuta: wokusamalirani alowetse dzanja pansi pa fupa lokhalira inu mutakhala bwinobwino, ndipo ngati nsonga za zala zikutha kugwedezeka mamilimita 5 kapena kuposa, khushoniyo ili bwino, ngati sizikugwedezeka koma zikutuluka mosavuta, ndi chenjezo, ngati zafinyika zolimba, khushoniyo yatha ntchito. Chubu cha galimoto ndi khushoni yozungulira ngati nkhata, zimene ena a ife timazikhulupirira, anaziletsa ndithu, chifukwa zimatsekereza magazi kuzungulira malo omwewo tikufuna kuteteza.

Chachiwiri ndi kalilole wa m'manja kwa membala aliyense, kuti tizidziyang'ana m'mawa ndi madzulo. Mabuku ambiri amati tiziyang'ana kufiira, koma pa khungu lathu lakuda kufiira sikuoneka msanga. Tiziyang'ana pamene pada kuposa pozungulira, pakunyezimira, patentha kapena palimba pokhudza. Chizindikiro chotere chikapanda kuchoka patatha mphindi 30 kuchokera pamene munthu wachoka pampando, asakhalirenso pamenepo mpaka pachire, ndipo asapatikite kapena kupathowa ndi madzi otentha. Ndikudziwa kuti kugona chafufumimba masiku atatu pamene ena ali kumsika n'kowawa, koma tonse tikukumbukira mnzathu amene tinamuika m'manda chaka chatha, amene chilonda chake chinayamba ngati kadontho ndipo anapitiriza kukhalira chifukwa ana ankafuna chakudya. Ogona pa mphasa pansi pa simenti ayenera kukhala oyamba kuganiziridwa, pakuti usiku fupa la kumapeto kwa msana, mafupa a m'mbali mwa chiuno ndi zidendene zimapanikizika chimodzimodzi, ndipo lamulo lotembenuka pa maola awiri alionse, limene Ludwig Guttmann analilimbikitsa atatsegula chipinda cha ovulala msana ku Stoke Mandeville mu 1944, likadali lofunika. Pa zakudya, kondowole yekha samanga mnofu. Usipa, nyemba, mtedza ndi mazira zisamasowe, ndipo ife a kunyanja tilibe chowiringula pa nkhani ya usipa. Khushoni tiziyenda nayo paliponse, m'minibasi, pa kabaza, pa maliro, chifukwa maola asanu pa mpando wolimba wa galimoto ndi okwanira kuononga zimene munthu wasamala chaka chonse.

Za makina sindikuti tiziiwale. Ndikupempha komiti kuti ilembe kalata kwa a mafizo a pa chipatala chathu cha boma, kuwapempha tsiku loti adzatiyeze mmodzimmodzi, kuti aliyense adziwe mfundo imene anavulala ndiponso ngati mitsempha yake ya m'munsi ikuyankha. Tilemberenso a bungwe lothandiza olumala la MAP, a Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, ndi a chipatala cha mafupa ndi mitsempha cha LION ku Lilongwe, kufunsa ngati pali njira yoti anzathu ovulala khosi ayesedwe ndi makina oyenera. Ngati tsiku lina kachipangizo kotere kadzapezeka, kaya mogula kaya mwa mphatso, maganizo anga ndi akuti kadzakhale m'manja mwa a mafizo, osati kumayenda khomo ndi khomo m'chikwama cha gulu.

Malisiti a ulendo ndi ndalama zotsala ndapereka kwa a msungichuma. Khushoni yachitsanzo ndi pepala la miyeso yake ndabwera nazo, ndipo pa msonkhano wa Loweruka loyamba la mwezi wamawa ndikupempha aliyense abwere ndi khushoni imene amakhalira masiku onse, pamodzi ndi womusamalira, kuti tidzayezane ndi zala tisanagwirizane kuchuluka kwa siponji yoti tigule. A Wapampando, ngati n'kotheka muitanenso telala mmodzi adzaone kasokedwe ka nsalu yakunja.

Ine nthumwi yanu.